Yankho pa Funso la Milungu Yambiri ndi Mulungu Mmodzi

Mwafunsa ngati pali mfundo zomveka zochirikiza kukhulupirira milungu yambiri, kapena ngati kuganiza mozama kumathera kwa Mulungu mmodzi nthawi zonse. Mfundozo zilipo, ndipo yamphamvu kwambiri ili m'buku la David Hume, wafilosofi wa ku Scotland, lotchedwa Dialogues Concerning Natural Religion, limene linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale. M'menemo akuti ngakhale titavomera kuti dongosolo la chilengedwe lili ndi wolipanga, palibe chotikakamiza kunena kuti wopangayo ndi mmodzi, popeza nyumba kapena sitima imamangidwa ndi amisiri ambiri. Palinso nkhani ya zoipa: wokhulupirira milungu yambiri savutika kufotokoza chilala kapena imfa za ana, chifukwa milungu yake ili ndi mphamvu zoperewera ndipo imatsutsana, pamene wokhulupirira Mulungu mmodzi wamphamvuyonse ndi wabwino ayenera kufotokoza chifukwa chake amazilola.

Mbali inayo nayonso ili ndi mayankho olemera. Thomas Aquinas, katswiri wachikhristu wa maphunziro a zaumulungu, anati pakanakhala milungu iwiri yangwiro ikanayenera kusiyana, ndipo kusiyanako kukanatanthauza kuti wina akusowa chimene mnzake ali nacho, motero sangakhale wangwiro. Plato, wafilosofi wachigiriki wakale, m'buku lake lotchedwa Euthyphro, anasonyeza vuto lina: milungu ikamakangana, chinthu chimodzi chomwecho chimakondedwa ndi ina n'kudedwa ndi ina, nanga chopatulika n'chiti? Komabe, m'kuona kwanga, mfundo ya Aquinas imagwira pokhapokha munthu atavomera kale kuti mulungu ayenera kukhala wangwiro, chinthu chimene Agiriki ambiri akale sankayembekezera kwa Zeus, mulungu wawo wamkulu.