Ma object a global amakhala kuti mu Arduino?

FUNSO: Ba Injiniya, ndikupanga kamakina koyatsa pampu ya thanki kwathu ku Kalingalinga, madzi akachepa kazidziyatsa kokha. Ndili ndi Arduino Uno ndi kasikirini ka OLED 128x64, ma object onse ndawalemba pamwamba, kunja kwa setup(). IDE, pulogalamu yolembera code, ikuti global variables zadya 40% chabe koma kamakina kakumangozima n'kuyambanso kokha. Kodi ma object amenewa amakhala mu flash kapena mu RAM? Wowerenga, Kalingalinga

YANKHO: Mng'ono wanga, amakhala mu RAM, osati pa stack (mbali ya RAM yomwe ma function amagwiritsa ntchito akamayenda) komanso osati pa heap (mbali ya RAM yomwe pulogalamu imapemphako malo ikuyenda). Chip ya Uno, ATmega328P, ili ndi flash, mosungira pulogalamu, ya 32 KB koma SRAM, yomwe ndiye RAM yake, ndi 2 KB basi, ndiye apa m'pamene pamavuta. Ma function a class yako ali mu flash, koma ma variable a object iliyonse linker, pulogalamu yolumikiza code yako yonse, amawapatsa malo okhazikika mu RAM, ku gawo lotchedwa .data ngati ali ndi mtengo woyambira, ku .bss ngati akuyamba ndi ziro. Ukangoyatsa, setup() isanafike n'komwe, kapulogalamu koyambira kamakopera .data kuchoka mu flash, kamapukuta .bss n'kuyitana ma constructor onse, ma function okonza object iliyonse poyamba. N'chifukwa chake usamaike delay() mu constructor, nthawi imeneyo timer imakhala isanakonzedwe, ndipo ma laibulale ambiri ali ndi begin() pa chifukwa chomwechi.

Manje vuto lako ndikuliona pa sikiriniyo. 128 kuchulukitsa 64 kugawa 8 ndi ma byte 1024, ndipo laibulale yomwe ambiri amagwiritsa ntchito imatenga malo amenewo ndi malloc, function yopemphera malo pa heap, mkati mwa begin(), ndiye object yokhayo ndi kakang'ono ku .bss koma buffer yake, ma byte 1024 aja, ili pa heap, IDE siyiwerengera. 40% ya 2 KB ija ndi ma byte pafupifupi 820, onjezera 1024, stack yatsala ndi 200 chabe, ikakula pang'ono ikugundana ndi heap ndipo pampu yako ija basi yazima. Zimandiwawa kuona ana akutaya ma board abwinobwino poganiza kuti apsa.

Mawu onse a print uwakute ndi F() kuti atsale mu flash, ma String uwachotse ugwiritse ntchito char. Ndipo usakhulupirire const pa AVR, mtundu wa chip ya Uno, imakoperedwabe mu RAM pokhapokha ulembe PROGMEM, pa ma chip ena monga STM32 ndi pomwe const yodziwika kale imatsala mu flash. Zikakanikabe, funa laibulale ya sikirini yolemba ndi page buffer, imadya ma byte 128 okha.