Musalimbane ndi "foni" amayi, vuto lili pena

Amayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati akusankhani kukhala mlembi wa gulu la azimayi ku tchalitchi kwanu ku Matero, ndiye mukalemba chidziwitso m'Chinyanja azimayi achikulire akumadandaula kuti sichikumveka, ati ndi Chizungu chovala chitenje, ndipo mukufunsa ngati mugule dikishonale kuti muchotse mawu onse achingelezi. Ine ndikuti ndalamayo iyambe yadikira kaye.

Mawu obwereka si amene akukupwetekani. Agogo omwe akudandaulawo tsiku lonse amanena sopo, buledi, tebulo, sitolo, shuga, basi, ndipo palibe amamva ngati alankhula Chizungu. Mawuwa analowa kalekale ndipo chilankhulo chinawaphwanya mwa njira yake, pamene Mzungu amaunjika zilembo ife timalowetsapo i kapena u, kumapeto timatsekera ndi a, e, i, o, u, ndiye sipuni, kalasi, buleki. Enanso si a Chingelezi n'komwe, nsapato ndi kalata tinatenga kwa Apwitikizi. Onani masokosi, muli s wa Chizungu wochulukitsa koma ife tinaikanso ma- kutsogolo, chimodzimodzi mayunitsi a magetsi a ZESCO amene timagula pa foni. Aneni, mawu aja onena zochita, ndiye amandisangalatsa kwambiri, mawu akangolandira ku- kutsogolo ndi -a kumapeto basi agwidwa, kuchaja, kuchajitsa, yachajidwa, ndichajireko. Mawu oti akulola -itsa, -idwa ndi -ira ndi athu amenewo, asiyeni. Mukalemba "lamya ya m'manja" m'malo mwa foni atsikana a ku kwaya adzangoseka, ndipo agogo aja sadzakuthokozaninso.

Chimene chimakhumudwitsa khutu ndi chiganizo choti mawu onse ndi Achinyanja koma chinaganizidwa m'Chingelezi. Zidziwitso zambiri zimene zimazungulira pa WhatsApp muno mu Lusaka zimayenda chonchi: "Mamembala onse akufunsidwa kupezeka pa msonkhano umene udzatenga malo Loweruka pa 14 hours. Pangani sure kuti mwabwera ndi zopereka zanu. Zikomo mu advance." Werengani mokweza mumve. Msonkhano sutenga malo, umachitika, kapena anthu amakumana. Kufunsa timafunsa funso, ukafuna munthu achite chinthu umamupempha, Mzungu ndiye ali ndi liwu limodzi pa zonse ziwiri. Ndipo chiganizo chonse chabisa munthu, sitikudziwa akupempha ndani, zangokhala -idwa -idwa ngati kalata ya ku khoti. Munthu amene waima kutsogolo kwa anzake atatha mapemphero sanganene choncho, anganene kuti "Amayi nonse, Loweruka tikumane kuno ku tchalitchi 14:00. Musaiwale ya chilimba, K50 aliyense. Amene simukwanitsa kubwera mutumiziretu pa foni." Mwaona ka -retu kaja? Kagwira ntchito yonse ya advance ija popanda kuwonjezera liwu. Chinyanja zinthu zambiri chimazinyamulira mkati mwa mneni, mutumiziretu, mubwerenso, mundiuzeko, tithandizane, pomwe Chingelezi chimafuna timawu tapadera tiwiri titatu. Wolemba akamatsata pepala la Chingelezi amayamba kusaka timawu timeneto ndipo mpamene zimakhota.

Zina zimene muzizitchera khutu: kutenga mankhwala (timamwa, amene watenga mankhwala ndiye kuti wachoka nawo ku kiliniki basi, ndipo apa si nkhani yoseka ngati mukulemba za odwala), kutenga chithunzi m'malo mojambula, kupanga chiganizo m'malo moti tagwirizana kapena ndaganiza, kusewera gawo lalikulu m'malo moti anathandiza kwambiri, kuika zinthu m'malo m'malo mokonza, "pa mapeto a tsiku" pamene palibe tsiku likutha. Ndiye pali "mmawa wabwino" amene amandiwawa ine kuposa zonse. Moni wathu ndi funso, mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, ndipo winayo amayenera kuyankha n'kukufunsanso. Mmawa wabwino sayankhika, umangomuponyera munthu n'kudutsa.

Ulemu nawonso umathawira pomwepo. Chingelezi chili ndi "you" mmodzi wa mwana ndi wa abusa, ndiye munthu akamamasulira mothamanga, makamaka akadalira Google Translate, zimatuluka "bwera", "uyenera kulipira", kwa azimayi oti ena ndi apongozi anu. Lembani mubwere, tikupemphani, ndipo a- wa ulemu asasowe pa dzina kapena udindo, amayi busa, atcheya, asungichuma.

Tsono chochita. Pepala la Chingelezi lija, kaya lachokera kwa abusa kaya ku komiti, liwerengeni kawiri mpaka mumvetse, kenako litembenuzeni lisaoneke. Tengani foni mujambule voisi noti ngati mukuuza mayi anu omwe ali kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza zimene zanenedwa. Mukatha mvetserani n'kulemba zimene mwalankhulazo, osati zimene zili pa pepala. Mubwerere ku pepala pongoona ngati tsiku, nthawi ndi ndalama zili bwino. Poyamba zimaoneka ngati ntchito iwiri koma pakamwa panu pamadziwa kale Chinyanja, ndi dzanja lokha limene linaphunzitsidwa kulemba m'Chingelezi kuyambira kusukulu, si mlandu wanu, tonse mu Zambia mafomu, mayeso ndi makalata a ntchito tinakulira Chingelezi. Mukalemba, muwerengereni mmodzi mwa agogo odandaula aja lisanafike Lamlungu. Pamene akwinya nkhope kapena kunena kuti "ati bwanji?" ikani chizindikiro, mufunseni akananena bwanji iye. Akaona kuti mawu ake alowa mu chidziwitso adzakhala woyamba kukuikirani kumbuyo.

Manambala musavutike nawo. Palibe ku Soweto Market amene amanena kuti makwacha makumi asanu, ndipo nthawi muno timatchula 14 hours, 18 hours, ndi mmene Zambia imalankhulira. Lembani 14:00 ndi K50 aliyense awerenge mmene amatchulira.

Palinso china choti musankhe msanga, Chinyanja chake chiti. Cha mu tauni muno ndi china, nifuna, bantu, manje, muli Chinsenga, muli Chibemba, muli Chingelezi, pomwe cha m'Baibulo ndi cha ku Eastern ndi ndifuna, anthu, tsopano. Ena amanyoza cha mu tauni kuti ndi chowonongeka, ine sindigwirizana nawo, ana obadwira ku Chawama ndi ku Kanyama ndicho chilankhulo chawo ndipo chili ndi malamulo ake. Koma pa chidziwitso chowerengedwa mu tchalitchi ndingakulangizeni cha ku Eastern chopepuka, chifukwa makutu a anthu anazolowera kale kumva Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922, kapena Buku Loyera la 1998 limene Chichewa chake n'chofewerapo. Pa WhatsApp ya gulu lembani mmene mumachezera. Chongopewa ndi kuyamba ndi "ndikupemphani" n'kumaliza ndi "nizabwela" mu chiganizo chimodzi.

Kuti khutu likhale lakuthwa, tsegulani ZNBC Radio 1 nthawi ya Chinyanja, ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 zimene amaulutsa, kapena mawayilesi a ku Chipata ngati mungawapeze pa intaneti. Koma mvetserani kwambiri anthu oimba foni ndi mapulogalamu ocheza kuposa nkhani, chifukwa nkhani nthawi zambiri zimayamba zalembedwa m'Chingelezi n'kumasuliridwa mothamanga, ndiye kutenga malo kuja mudzakumvanso komweko.

Dikishonale mukadzafunabe, pali Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies a ku Malawi anatulutsa mu 2000, umamasulira Chinyanja m'Chinyanja chomwe, ndiye umakuonetsani mmene liwu limakhalira m'chiganizo. Dziwani chabe kuti kalembedwe kake ndi ka ku Malawi, amalemba ch, chifukwa, Chichewa, pomwe mabuku a sukulu kuno amatsata malamulo a Unduna wa Maphunziro a 1977 ndipo amalemba c yekha, cifukwa, Cinyanja. Zonse zimawerengeka, ingosankhani chimodzi pa pepala lonse. Ngati gulu lanu lili ndi akaunti ku banki, maminitsi opita kumeneko asiyeni m'Chingelezi, Achinyanja akhale owerengera azimayi pa msonkhano.