Nkhondo ya PlayStation ndi Xbox si yathu, achimwene

Achimwene ena a ku Chawama, mu Lusaka, andilembera imelo. Akufuna kutsegula kamalo koseweretsa magemu, ndalama ya makina awiri ilipo, koma anzawo pa WhatsApp awazunguza mutu: awa akuti Xbox inafa kale, awo akuti PlayStation umangolipira dzina. Aoneranso timavidiyo ta GDC (Game Developers Conference), msonkhano wa opanga magemu, ndiye akufunsa ngati adikire kaye makina atsopano.

Achimwene, mwandikhudza penipeni, chifukwa ine ndinakulira m'kachipinda kotero ku Matero. Munali PlayStation 2 (PS2) ziwiri, ma TV a chimsana aja, mabenchi a matabwa, ndi chitenje pakhomo chotchinga dzuwa. Pad imodzi, chogwirira cha mabatani chija, inali yachabechabe, yokulungidwa ndi selotepi, batani la X unkachita kulidina ndi chikhadabo. Lamulo linali limodzi: wogonja alipire, wopambana akhalebe pampando. Panali mnyamata wina wogulitsa mazira owiritsa amene ankagonjetsa aliyense, thireyi ya mazira ili phee pansi pa benchi, mpaka amayi ake kubwera madzulo kudzamutulutsa atamugwira khutu. Bill Gates wa Microsoft anali atalengeza kale Xbox pa GDC ya mu 2000, koma mbiriyo sinafike pa benchi lathu. Ife tinkadziwa PS2 basi, makina amene anagulidwa oposa 160 miliyoni padziko lonse. Mkangano wathu waukulu unali wa amene wafufuta zinthu za mnzake pa memory card.

Tsono GDC imene mwaonerayo si msika wa ogula ayi. Inayamba mu 1988 pabalaza la nyumba ya Chris Crawford ku California, ndipo lero imachitikira ku Moscone Center ku San Francisco, kawirikawiri mu Malichi. Ndi ya opanga magemu okhaokha, olemba mapulogalamu, ojambula, okonza mawu, kuuzana mmene anagwirira ntchito. Zokoma zimatulukako ndithu. Mu 2005 malemu Satoru Iwata wa Nintendo anauza khamu kuti pa khadi lake la ntchito ndi pulezidenti wa kampani, m'maganizo ndi wopanga magemu, koma mumtima ndi wosewera. Mu 2015, sabata ya msonkhano womwewo, kampani ya Epic inalengeza kuti aliyense angatenge pulogalamu yake yopangira magemu, Unreal Engine 4, osalipira, ndipo kwa ine nkhani imeneyi imaposa makina onse, chifukwa mwana wa ku yunivesite ya UNZA wokhala ndi laputopu yamphamvu angayambe kupanga gemu yakeyake. Mu 2025 mphoto ya gemu ya chaka kumeneko inapita kwa Balatro, kagemu ka makhadi kopangidwa ndi munthu mmodzi.

Koma kumenekonso n'kumene Google inaimirira mu 2019 n'kunena kuti ndi Stadia, njira yake yosewerera magemu pa intaneti, simufunikanso makina, intaneti yokha ikwanira. Pofika Januwale 2023 Stadia inali itatsekedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zolonjeza za pa pulatifomu musazikonzere bajeti.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi manambala. Mu 2020 Mark Cerny, amene anatsogolera kupanga PS5, atafotokoza za m'kati mwake, m'nkhani imene inakonzedwera GDC koma inaulutsidwa pa intaneti chifukwa cha Covid, ndinamva anyamata awiri mu minibasi ya pa Kulima Tower akutsutsana mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka. Wina akuti Xbox Series X ili ndi ma teraflop (muyeso wa mphamvu ya makina) 12, PS5 ili ndi 10.28 chabe. Winayo akuti SSD ya PS5, mosungira magemu, ndi yaliwiro. Kondakitala anawafunsa kuti mwa awirinu ali nayo ndani, onse zii.

Ndinene mosapsatira: nkhondo imeneyi eni ake anaisiya, otsala ndi ochemerera. Microsoft, eni ake a Xbox, inagula Activision Blizzard, kampani yopanga Call of Duty, pa madola pafupifupi 69 biliyoni, malonda anatha mu Okutobala 2023, koma Call of Duty ikadali pa PlayStation. Magemu a Xbox nawo akuwoloka: mu 2024 Sea of Thieves inafika pa PS5, mu 2025 Forza Horizon 5 inatsatira. Sony nayo, eni ake a PlayStation, inaika magemu ake God of War ndi Spider-Man pa kompyuta. Iwo akuwerenga ndalama mbali zonse ziwiri, ife tikutukwanizana m'magulupu chifukwa cha bokosi la pulasitiki. Munthu wokuuzani kuti Xbox inafa, mufunseni ngati adzakuthandizani kulipira lendi.

Za disiki ndi bandulo

Makina amenewa anapangidwira anthu a intaneti yosatha ndi magetsi osathima. Xbox Series S ndi yotchipa, inatuluka pa madola 299 mu 2020, koma ilibe polowetsa disiki. Gemu iliyonse muyenera kuitsitsa, ma GB makumimakumi, ndipo simungaigulitse kapena kusinthana ndi mnzanu wa ku Kanyama mukatopa nayo. Kugula magemu pa intaneti kuno kumafuna njira zokhotakhota, n'chifukwa chake ambiri amatsegula akaunti ya South Africa. Kumbukiraninso 2024, madzi atachepa ku Kariba: magetsi ankabwera usiku ana atagona, ndipo malo a magemu amene anapulumuka ndi amene anali ndi inveta kapena jenereta. Fumbi la mu Okutobala nalo silisankha kampani, limatseka fani ya makina aliwonse.

Ndiye yankho lanu ndi ili. Musadikire. Makasitomala anu adzafuna mpira, umene amautchulabe FIFA ngakhale unasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, kenako Mortal Kombat ndi Tekken. Gulani PS4 ziwiri zogwirapo ntchito, kapena PS4 imodzi ndi PS5 ya disiki ngati thumba likulola, chifukwa madisiki, ma pad ndi amisiri ake savuta kupeza m'tauni. Musanapereke ndalama, isewereni kwa theka la ola, mumve ngati fani ikulira kwambiri, mugwedeze chingwe cha HDMI, muone ngati wosewera sakuyenda yekha musanakhudze analog, kandodo ka pa pad kaja. Zotsala gulani ma pad ena awiri ndi batire ya inveta.