Mpikisano ngati training zimatheka, koma mupiteko ndi ntchito yoti mukagwire

Achimwene, ngati ndamva bwino funso lanu, muli ndi mpikisano waukulu wa njinga miyezi itatu ikubwerayi ndipo mnzanu wakuuzani kuti musavutike panokha ndi ma interval (kuponda mwamphamvu kwa mphindi zingapo, kupumako, n'kubwerezanso), muzingolowa timipikisano ting'onoting'ono weekend iliyonse thupi lizolowera lokha. Mnzanuyo sananame ayi, koma wakuuzani theka chabe.

Pomwe akunena zoona ndi apa. Ukamapalasa wekha liwiro umasankha ndiwe, ukayamba kutopa umachepetsa osadziwa n'komwe kuti wachepetsa, mutu umakunamiza kuti basi apa ndafika pothera pomwe mphamvu zikadalipo. Mu mpikisano liwiro amasankha ndi anthu ena. Wakutsogolo akangodzuka pa chishalo potuluka pa kona iwe ulibe nthawi yofunsa miyendo ngati yakonzeka, umadzuka nawenso, apo bii gulu lakusiya, ndipo likangokusiya ndi mamita 10 okha mphepo yonse ija anzako amakutchingira imabwera pachifuwa pako ndiye kuwapezanso ndi nkhani ina. Izi zimaoneka kwambiri mu ma criterium, mipikisano ija yozungulira kamsewu ka kilomita imodzi kapena awiri kwa mphindi 45 kapena ola, kona iliyonse ndi mabuleki kenako kuponda ndi mphamvu zonse masekondi 10 kapena 15, usanapume bwinobwino kona ina yafika kale. Kudzizunza chonchi uli wekha pamsewu popanda wokuthamangitsa ndi anthu ochepa amene angakwanitse.

Ndiye pali luso lomwe ma interval sangakuphunzitseni olo mutawachita chaka chonse, kukhala pa tayala la mnzako osaligunda, kutulutsa botolo n'kumwa gulu likuthamanga, kudziwa kuti mphepo ikuchokera mbali iti kuti ubisale mbali inayo, kusunthira kutsogolo chitunda chisanayambe. Zimenezi zimaphunziridwa m'gulu basi.

Koma tsopano vuto. Kubisala kumbuyo kwa munthu kumachepetsa ntchito ndi pafupifupi 30 peresenti mukamathamanga, ndipo pakatikati pa gulu lalikulu imachepa kuposa pamenepo. Ndiye munthu atha kumaliza mpikisano wonse ali phee pakati, nthawi yambiri mapazi osazungulira n'komwe akungokokedwa, kenako aika pa Strava, app ija opalasa amaonetserapo maulendo awo, liwiro lochititsa kaso anthu n'kumuombera m'manja, koma ukaona ntchito yomwe miyendo yagwira ndi yochepa kuposa tsiku lomwe anapalasa yekha Lachitatu. Pofuna kupambana kubisalako ndi nzeru, wopambana nthawi zambiri ndi amene wasunga mphamvu kuposa anzake. Koma inu simunapite kukapambana, munapita ku training, ndiye nzeru yomweyo ikukuberani.

Ine ndimaona kuti mpikisano umasanduka training pokhapokha ngati mwasankhiratu muli kunyumba kuti lero ndikukachita chakuti. Chinthu chimodzi, osati zisanu. Mwachitsanzo lero aliyense akathawa m'gulu ine ndimutsatira, kaya ndiphulika pakati panjira zilibe kanthu. Kapena lero chitunda chilichonse ndiyamba ndili m'gulu la anthu 10 akutsogolo. Kapena ndithawa ndekha patatsala maulendo atatu kuzungulira ndione kuti ndikhala kutsogolo mphindi zingati asanandigwire. Adzakugwirani inde, mwina mudzamaliza kumapeto kwenikweni mukuwefuka malovu ali kukamwa, koma mphindi zomwe munali nokha ndi mphepo zija ndiye training munabwerera. Ngati muli ndi kawotchi koyeza kugunda kwa mtima kapena power meter, kachipangizo koyeza mphamvu yomwe mukuponda nayo, mukafika kunyumba musayang'ane nambala yomwe mwamalizira, yang'anani kuti mwakhala mphindi zingati pamwamba penipeni.

Chovuta apa si miyendo, ndi manyazi. Kuona munthu amene mumamusiya tsiku lililonse akukudutsani pa mzere womaliza akumwetulira, n'kumakauza anthu kuti ndamugonjetsa uja, zimawawa ndithu, ndipo ambiri pofika sabata yachitatu amaiwala plan yonse n'kuyambanso kubisala kuti apeze nambala yabwino. Makochi ambiri amagawa mipikisano patatu, A, B ndi C. A ndi waukulu uja mukukonzekerawu, pachaka imakhala iwiri kapena itatu basi. B mumaufuna koma simusintha zambiri chifukwa cha iwo. C ndi training yokhala ndi nambala kumsana. Wa C simupumira masiku atatu kuti mukafike muli fresh, mumapita ndi miyendo yolemera ya sabata imeneyo, chifukwa mukamapumira mpikisano uliwonse ndiye kuti sabata iliyonse mukutaya masiku a training, pakutha pa miyezi itatu mupeza kuti mwapikisana kwambiri koma mwapalasa pang'ono.

Mbali inayo ndi yoopsa kuposa, kuwonjezera mpikisano pamwamba pa zonse mumachita kale. Mpikisano muuwerenge ngati tsiku lolimba, umalowa m'malo mwa tsiku limodzi la ma interval. Kwa munthu wapantchito amene ali ndi banja komanso tulo tosakwanira, masiku olimba awiri pasabata ndi okwana, ndiye ngati Loweruka kuli mpikisano mwatsala ndi limodzi, mwina Lachiwiri kapena Lachitatu, enawo ndi kupalasa mofatsa moti mutha kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Wofufuza wina dzina lake Stephen Seiler anaona kuti akatswiri a masewera otenga nthawi yaitali, opalasa njinga, othamanga, opalasa mabwato, pafupifupi 80 peresenti ya training yawo imakhala yofatsa. Ife ma amateur timachita zosemphana, tsiku lililonse timafuna kumva kuwawa kuti tikhulupirire kuti tagwira ntchito. Zizindikiro zoti mwapyola muyeso sizibisika, kugunda kwa mtima m'mawa mukangodzuka kumakwera kuposa masiku onse, tulo timavuta ngakhale mwatopa, pachitunda mumaponda koma mtima ukukana kukwera, kunyumba mumangokalipa zilizonse. Zikatero weekend imeneyo musalembetse.

Wina anena kuti koma akatswiri akale ankalimba ndi mipikisano yomweyo. Zoona, nthawi ya Eddy Merckx, katswiri wakale wa njinga wa ku Belgium, anthu ankapikisana pafupifupi chaka chonse, mwini wakeyo anapambana mipikisano 525 pa moyo wake. Koma onani amasiku ano omwe amalimbirana Tour de France, mpikisano waukulu wa masabata atatu wa mu July, amasowa masabata angapo ali kumapiri ngati Teide ku Tenerife kapena Sierra Nevada ku Spain akupalasa maola ambirimbiri, kenako n'kulowa mpikisano umodzi wa masiku angapo mu June ngati Tour de Suisse kuti anole mpeni. Komanso iwowo akamaliza amakagona, wina akuwaphikira wina akuwasisita miyendo, inu Lolemba 7 koloko muli pantchito.

China chomwe mnzanuyo sanakuuzeni ndi kutalika. Ngati mpikisano waukuluwo ndi wa maola atatu kapena anayi, kampikisano ka ola limodzi sikakuphunzitsani chomwe chimachitika ola lachitatu. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa pafupifupi mphindi 90 mukupalasa mwamphamvu, ndiye mu criterium mutha kumaliza osadya kanthu koma pa mtunda wautali mukapanda kudya miyendo imangozima mwadzidzidzi, maso kuchita mdima. Pamafunika magalamu 30 mpaka 60 a ma carbohydrate (shuga kapena sitachi wa m'chakudya) pa ola, ena amafika 90, ndipo mimba nayo imafuna kuzolowera kulandira chakudya njinga ikuyenda. Njira yosavuta, mukamaliza kampikisano kafupi musakweze njinga pagalimoto, dzazani mabotolo mupitirize ola limodzi kapena awiri mofatsa mukudya. Ndipo ulendo wautali wofatsa usachoke pa ndandanda yanu, weekend ina muzisiya mpikisano dala chifukwa cha iwo. Ine ndikanakhala inu ndikanalowa mipikisano iwiri pamwezi, osati inayi.

Za ngozi ndinenepo pang'ono poti ambiri saziwerengera. M'mipikisano ya ongoyamba kumene anthu amagwa kawirikawiri, wina wagwira mabuleki pakati pa kona, wina wayang'ana kumbuyo njinga n'kupatuka, ndipo malo oipitsitsa ndi kilomita yomaliza pomwe aliyense akuona ngati apambana ndi iyeyo. Fupa la paphewa likathyoka ndi masabata angapo osakwera njinga pamsewu, miyezi itatu yanu ija yathera pomwepo. Ngati ntchito yomwe munapitira mwaimaliza ndipo simuli kutsogolo kwenikweni, asiyeni alimbirane nambala 15, inu tsalirani pang'ono mumalize bwinobwino. Sprint, kuponda ndi mphamvu zonse pofika pa mzere womaliza, muiyeserere tsiku lomwe mwathawa ndi anthu atatu kapena anayi, pamenepo malo amakhalapo.

Kampikisano komaliza kakhale patatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti waukulu ufike, kenako muchepetse maola koma musasiyiretu kuponda mwamphamvu pang'onopang'ono. Mutiuze kuti waukuluwo ndi wa makilomita angati, uli ndi zitunda zotani, komanso pano mumapalasa maola angati pasabata, tikuthandizeni kuyala masabatawo.