Phala la kusukulu ku Chigwa cha Shire: yankho kwa mayi a Mother Group

Mayi ena a mu Mother Group pa sukulu ina ya pulayimale chakufupi ndi Ngabu anditumizira imelo. Mwachidule akuti ana amalandira phala m'mawa, koma ndi lomwelomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ufa umatha teremu ili pakati. Mwana akapatsidwa kandalama kunyumba amathamangira jigisi ndi mafilizesi pageti. Aphunzitsi amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ana amaloweza mpaka kuyimba, koma kadyedwe sikasintha. Funso lawo ndi lakuti: "Ife makolo tichitepo chiyani, poti ndalama tilibe?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi la kutha kwa ufa, chifukwa pa zonse mwatchulazi ndi limene likuposa zinzake. Phala lotopetsa mwana amamwabe uku akudandaula. Koma mphika ukakhala wozizira sabata ziwiri, ana a Sitandade 1 ndi 2 amayamba kujomba, akuluakulu amapita ku ganyu, ndipo ena sabwereranso.

Taonani kalendala. Teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale, mwezi umene nkhokwe zambiri m'midzi zimakhala zitagona, ndipo ndi nyengo yomweyo imene Shire, Mwanza ndi Ruo amalusa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, onsewa anabwera pakati pa Januwale ndi Malichi. Misewu inaduka, makalasi anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo galimoto yobweretsa ufa sikanatha kufika ngakhale mwini wake atafuna bwanji. Choncho ntchito yoyamba ya makolo si kusintha kakomedwe ayi, ndi kukhala ndi kankhokwe ka sukulu kodikira Januwale mpaka Malichi. Nthawi yosonkha ndi pamene anthu akolola mapira ndi mchewere, ndiponso pamene za kudimba zacha, osati mu Febuluwale aliyense ali manja lende. Khomo lililonse mbale imodzi kapena ziwiri, amene alibe mapira abweretse khobwe kapena chitowe. Sungani m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, kuti anankafumbwe asakudyereni, ndipo muwasanjike pathandala lokwera m'chipinda chimene madzi sanafikemo chaka cha Freddy.

Apa ndinene mosabisa: chimene chimapha nkhokwe za sukulu kawirikawiri ndi kukayikirana. Makiyi akhale ndi anthu atatu, mmodzi wa komiti ya sukulu, mmodzi wa Mother Group, wina wosankhidwa ndi amfumu. Kope lolembamo zolowa ndi zotuluka liziwerengedwa pamsonkhano wa makolo, mokweza, ngakhale zitaoneka ngati kutaya nthawi. Tsiku limene anthu adzayambe kunong'onezana kuti thumba lina linatuluka usiku, chaka chamawa palibe adzasonkhe.

Tsopano za mumphikamo. Ufa umene sukulu zambiri zimalandira ndi wa Likuni Phala, chimanga chosakaniza ndi soya, othiramo mavitamini ndi michere ina. Dzinali linachokera ku Likuni, kufupi ndi Lilongwe. Bungwe la WFP, la United Nations loona za chakudya, linayamba kudyetsa ana m'sukulu za m'dziko muno mu 1999, kuyambira ku Dedza, ndipo bungwe lina, la Mary's Meals, linayamba mu 2002 ndi ana 200 okha, lero likudyetsa oposa miliyoni imodzi. Phala limeneli musalinyoze, ndi labwino kuposa la ufa woyera limene ambirife timaphika kunyumba. Vuto lake n'lakuti ndi limodzi. Pali njira ina imene WFP yakhala ikuyendetsa ku Chikwawa, Nsanje, Phalombe ndi Zomba kudzera mu pulogalamu ya Tsogolo la Thanzi, mothandizidwa ndi European Union: sukulu imagula chakudya kwa magulu a alimi a m'deralo n'kumasinthasintha zophika. Ngati sukulu yanu ili m'gulu limeneli, pemphani kuti Mother Group ikhale ndi mawu pa zogulazo. Ngati mulibemo, nzeruyo mutha kuitengera ndi zomwe mwasonkha nokha. Kungoti musanathire chilichonse mu ufa wa bungwe, kambiranani kaye ndi ahedi komanso mphunzitsi woona za umoyo ndi zakudya, chifukwa mabungwe ena ali ndi malamulo awo pa kaphikidwe. Pakavuta, patulani tsiku limodzi pa sabata likhale la mphika wa makolo.

Ndipo pano ndi pamene Chigwa cha Shire chili ndi mwayi umene anthu ake omwe amauchepetsa. Mapira ndi mchewere zimapirira dzuwa la kuno kuposa chimanga, ndipo mchewere uli ndi ayironi, mchere wothandiza magazi, wochuluka kuposa ufa wa chimanga chokonola. Chitowe chimene alimi amagulitsa chonse kwa mavenda, chikakazingidwa n'kusinjidwa chimapatsa phala mafuta ndi fungo loti mwana amanyambita kapu. Nsinjiro nazo n'chimodzimodzi, koma mtedza wake muzisankha mosaumira: wachuku, wofota ndi wowawa tayani, chifukwa chuku chimenecho chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumupha. Masamba a cham'mwamba, mtengo umene uli pafupifupi pakhomo lililonse kuno, muziyanika pamthunzi osati padzuwa, musinje, muthire pang'ono phala litatsala pang'ono kupsa. Ndati pang'ono. Mukachulutsa, phala limabiriwira n'kuwawa, ndipo ana akalikana tsiku loyamba mudzavutika kuwabwezera.

Ufa wa malambe ndiwo ndimaukonda kwambiri pa zonsezi. Umasungika miyezi, ana amaudziwa kale, ndipo uli ndi vitamini C wambiri, amene amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'mchewere ndi m'khobwe. Uthiridwe mphika utaphulidwa, poti moto umawononga vitamini ameneyu. Palinso kanzeru ka agogo athu: kachimera pang'ono ka mapira kakathiridwa m'phala lolimba likadali lofunda, limasungunuka lokha popanda kuwonjezera madzi. Ndiye kuti mwana wamng'ono amamwa ufa wambiri m'kapu yomweyo. Ophika ambiri akaona mzere watalika amathira madzi kuti phala likwanire, ndipo ana amakhuta madziwo, pofika 10 koloko njala yabwerera.

Tsiku la mphika wa makolo lisakhale la phala nthawi zonse. Futali wa mbatata yofiira mkati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, ali ndi vitamini A, ndipo nsinjiro zakezo ndi zimene zimathandiza thupi kumulandira chifukwa vitamini ameneyu amayenda ndi mafuta. Khobwe wophika pamodzi ndi mapira amakhalitsa m'mimba. Tinsomba touma ta ku Elephant Marsh, tosinja ndi minga yomwe, tingalowe m'phala la mchere. M'phala la shuga musayerekeze.

Ndisakunamizeni pa chinthu chimodzi. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kupinimbira kumeneku kumachitika makamaka kuyambira mwana ali m'mimba mpaka zaka ziwiri, ndipo phala la ku pulayimale silingabweze zonse zimene zinatayika nthawi imeneyo. Chimene limachita ndi kubweretsa mwana kusukulu, kumukhazika m'kalasi mutu uli pamalo, ndi kuthandiza magazi ake, makamaka atsikana amene ayamba kukula. Zimenezi n'zokwanira kuzivutikira. Koma zimatheka bwino ngati mwana alibe njoka zam'mimba ndi likodzo, lomwe kuno silisowa poti ana amasambira m'madambo. Alangizi a zaumoyo akabwera ndi mankhwala, Mother Group ikhale patsogolo kuuza makolo kuti ana amwe, ndipo amwe atadya.

Za pageti ndizidutsa msanga chifukwa yankho lake mukulidziwa. Amene amagulitsa pamenepo ndi amayi anzanu, ena mwina a m'gulu lanu lomwelo. Kuwathamangitsa kumangowasunthira kuseri kwa mpanda. Khalani nawo pansi mugwirizane kuti pambali pa jigisi pakhale mbatata yootcha, zitumbuwa, chigumu, mtedza wokazinga, masau ndi mango nyengo yake. Mafilizesi simungawathetse, kutentha kwa Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Chofunika n'chakuti akhale a malambe kapena bwemba m'malo mwa utoto ndi shuga, ndipo madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Shuga wa ku Nchalo amathiramo vitamini A, inde, koma zimenezo si chilolezo chodzaza masupuni.

Pa zophunzitsa, ine ndimaona kuti nyimbo ya magulu asanu ndi limodzi yatikwana. Ana amatchula zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta ngati pemphero loloweza, koma afunseni kuti chitowe chili gulu liti, kapena nyika ya kudambo, muone atayang'anana. Mabuku ndi zithunzi zapakhoma zimaonetsa zakudya zimene mwana wa kwa Ngabu saziona, ndiye amaganiza kuti kudya bwino ndi nkhani ya anthu a m'tauni. Pemphani aphunzitsi kuti phunziro lizichitikira pa mphika: lero taphika chiyani, muli magulu angati, likusowa ndi liti, tingalipeze kuti m'mudzi muno osagula? Ana a Sitandade 6 ndi 7 azithandiza kuyeza ufa ndi kulemba m'kope, masamu alowe pomwepo. Chimene sindikufuna ndi chija chofunsa mwana aliyense pagulu kuti dzulo kwanu munadya chiyani. Mu Febuluwale funso limenelo limachititsa manyazi ana amene anagona ndi njala, ndipo amaphunzira kunama basi.

Palinso manyazi ena amene tinawadzala tokha akuluakulufe. Timati nsima ya mapira ndi ya chaka cha njala, therere ndi ndiwo za osauka, pamene buledi ndi zakumwa za m'botolo ndi za olemera. Mwana amamva zimenezi pakhomo. Akaona aphunzitsi ake atatenga kapu n'kumwa phala la mchewere pamaso pake, ndi ahedi omwe, amaphunzira zambiri kuposa za pabolodi. Pamsonkhano wa makolo mukambenso za kagawidwe ka ndiwo kunyumba, kumene mutu ndi mnofu wa mlamba zimapita m'mbale ya bambo, ana n'kutsala ndi msuzi. Dera lino lili ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku zambiri, koma mkaka ndi dzira sizifika pakamwa pa mwana kawirikawiri. Nkhani imeneyi ikanenedwa ndi amayi okha imasanduka mkangano, ndiye pezani bambo mmodzi wolemekezeka kapena amfumu aiyambitse.

Dimba la sukulu ndi labwino, koma ambiri amaliyamba lalikulu n'kulisiya. Kuno adani ake ndi mbuzi, dzuwa ndi madzi, poti mijigo ina imatulutsa madzi amchere amene amapha mbewu. Yambani ndi mpanda, kenaka mabedi ochepa kumene kumathera madzi otayika a pamjigo ngati ali abwino: bonongwe, chitambe, kholowa, mapapaya angapo ndi mzere wa cham'mwamba. Ndipo aphunzitsi asamatumizeko ana ochedwa ngati chilango, chifukwa mwana amene walimitsidwa bonongwe akulira sadzamukonda pambale.

Chotsala ndi ophikawo. Amadzuka kusanache, amatunga madzi, amapuma utsi, ndipo salipidwa. Midzi izisinthana mwadongosolo lolembedwa, nkhuni zikhale udindo wa abambo ndi anyamata a m'mudzi umene uli pa ntchito sabata imeneyo, ndipo ngati mukuphikirabe pamafuwa, funsani alangizi za mbaula zosunga nkhuni. Pafupi ndi mzere wa phala pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, ndipo phalalo ligawidwe makalasi asanayambe kapena pa buleki yoyamba, chifukwa ana ambiri amachoka kunyumba osalawa kanthu. Pamsonkhano ukubwerawu musapite ndi zonsezi, anthu adzatopa musanamalize. Pitani ndi nkhani ya nkhokwe ndi ya tsiku limodzi la mphika wa makolo, ndipo musatuluke musanagwirizane tsiku losonkha ndi mayina atatu a osunga makiyi.