Ndalama ya UIF imene akundidula ku Joni, ndidzaitenga pobwera kumudzi?

Funso: Kwathu ndi ku Area 25 ku Lilongwe. Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina ku Kanengo, koma pano ndili ku Johannesburg. Mwezi uliwonse amandidula ya UIF. Kodi ndikadzaganiza zobwerera kumudzi adzandipatsa yonse ngati penshoni? Nanga ija ankandidula ku Kanengo inangolowa m'madzi?

Yankho: Achimwene, ndiyambe ndi mbali yowawa. UIF (Unemployment Insurance Fund, thumba la boma lothandiza anthu amene ntchito yawathera) si penshoni, ndipo si ndalama imene akukusungirani. Ili ngati inshuwalansi ya galimoto: ngozi ikapanda kuchitika, palibe chobweza. Lamulo la ku South Africa limati wantchito adulidwe 1 peresenti ya malipiro ake, abwana awonjezerepo 1 peresenti ina. Ngati mumalandira R6,000, inu akukudulani R60, abwana R60. Ndalamayo imathandiza ntchito ikakutherani, mukadwala nthawi yaitali, amayi akapita kokachira, kapena kuthandiza banja mwini wake akamwalira. Koma mukangosiya ntchito mwakufuna kwanu chifukwa mwapukwa kumudzi, simulandira kanthu.

Ndiye chofunika n'chiyani? Mapepala. Alipo mabwana ena amene amadula ndalamayo koma osakaipereka kuboma, ndipo munthu amadzazindikira tsiku limene ntchito yatha. Pitani ku ofesi ya zantchito ndi pasipoti ndi pemiti yanu, akakuonereni ngati dzina lanu lilimo. Ntchito ikatha, musachoke pageti opanda fomu ya UI-19, imene abwana amalemba kusonyeza nthawi imene mwagwira ntchito ndi chifukwa chimene yathera, ndipo kapempheni ndalamayo isanathe miyezi 12. Mapepala a malipiro muziwajambula pafoni n'kutumiza kwa mayi a kunyumba pa WhatsApp. Azigogo athu amene anapita kumigodi ndi Wenela ndi Theba akhala akuyendera ndalama zawo mpaka imvi, ena chifukwa timapepala tinadyedwa ndi chiswe m'sutikesi.

Afunseninso abwanawo ngati muli pa provident fund, thumba limene amakusungirani ndalama yodzalandira mukadzachoka pa ntchito. Imeneyo ndiye yanu yeniyeni, koma si kampani iliyonse kumeneko imene ili nayo.

Ya ku Kanengo ija sinalowe m'madzi. Kuno kwathu, chiyambire lamulo la penshoni la mu 2011, bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo ndalamayo imakhala m'dzina lanu kukampani yosunga penshoni, kaya ndi NICO kaya Old Mutual kaya ina. Kuchoka m'dziko sikuifafaniza. Pezani nambala yanu ya umembala, muitanitse sitetimenti, muonenso amene munawalemba kuti adzalandire mukadzatisiya. Ambiri analemba makolo awo asanakhale pabanja, pano ali ndi ana atatu. Mukapeza kuti kampani ija inkadula osapereka, kadandauleni ku Reserve Bank ku City Centre, ndiwo amayang'anira za penshoni.

Zaka zimene muli ku Joniko palibe akukuikirani kanthu kuno. Pa ndalama imene mumatumiza ya ufa ndi fizi, patulanipo kagawo kolowa ku akaunti yanuyanu, imene abale sakuidziwa.