Za maekizozi aphokoso ndi majeti a njinga zamoto: yankho kwa amene akufuna kuyamba kuoda

Achimwene, mwandifunsa mmene malonda a zipangizo za njinga zamoto amayendera, ndiponso ngati n'kwanzeru kuika mpamba wanu pa maekizozi aphokoso aja pamodzi ndi majeti osinthira kamwedwe ka mafuta, popeza mwaona anyamata a kabaza akuzifunafuna. Ine ndayenda msewu wa ku Dar es Salaam kwa zaka 13, nthawi zina ndimatsikiranso ku Johannesburg kudzera ku Tete, ndipo palibe katundu amene anandigonetsa ndi njala ngati ameneyu. Ndikuyankhani, koma musayembekezere kuti ndikulimbikitsani.

Njinga zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Lifo, King Lion ndi Boxer, ndi za 125cc kapena 150cc, za silinda imodzi, zozizira ndi mphepo, ndipo zambiri zimamwa mafuta kudzera mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, m'mene mumakhala majeti aja. Boxer 150 mphamvu yake ndi horsepower pafupifupi 12. Pa injini yaing'ono chonchi, ekizozi yotseguka ikawonjezera mphamvu imawonjezera pang'ono kwambiri, pamenenso pamabwera injini ikakhala kuti ikulira mothithimuka, pomwe mphamvu yonyamukira, imene wa kabaza amaifuna akakweza mayi ndi thumba la chimanga, nthawi zambiri imachepa. Mnyamata amamva kubangula kumbuyo kwake n'kukhulupirira kuti njinga yayamba kuthamanga, ndiye amapotokola dzanja mopitirira, madzulo n'kumadabwa kuti petulo wa tsiku lonse wathera pati. Khutu ndi limene limamunamiza, ndipo ife ogulitsa timadyera pa bodza lomwelo.

Choopsa chenicheni chili m'kati. Petulo amapsa bwinobwino akasakanizana ndi mpweya pa muyeso wa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, tikayeza kulemera kwake, ndipo injini imatulutsa mphamvu zake zonse mafuta akachulukirapo pang'ono, cha m'ma 12.5 mpaka 13. Mukatsegula njira ya utsi, makamaka mukachotsanso fyuluta ya kufakitale n'kuikapo kaja kooneka ngati chipewa, mpweya umachuluka pomwe jeti ndi yomwe ija. Injini yochepekedwa mafuta imatentha kwambiri, imaphulika m'paipi mukasiya moto, ndipo mapeto ake valavu ya utsi imapsa kapena pisitoni imabooka pamwamba. Makaniko wodziwa ntchito amayang'ana pulagi: ikakhala yotuwa ngati phulusa ndiye kuti mafuta achepa, ikakhala yakuda ndi mwaye achuluka, ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiye kuti zili bwino. Izi ndimazilankhula mosajejema lero, koma mu 2023 sindinkazidziwa, ndipo sindinaone chifukwa chofunsira.

Mu Okutobala chaka chimenecho ndinalowa m'sitolo ina ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kupeza maekizozi onyezimira, ena opakidwa buluu kumapeto ngati chitsulo chimene chapsa ndi liwiro, onse omatidwa zikwangwani za Akrapovič ndi Yoshimura. Aliyense wodziwa njinga angakuuzeni kuti Akrapovič yeniyeni ndi ya ku Slovenia, Yoshimura ndi ya ku Japan, ndipo imodzi yokha ikhoza kudya mtengo wa njinga ya kabaza yathunthu. Amenewa anali achinyengo, ine ndinkadziwa, wogulitsa ankadziwa, ndipo tinagwirizana mtengo wa zinthu zachinyengo. Ndinali nditagulitsapo 20 ku Mzuzu m'sabata imodzi, mtima unandikula, ndiye ndinaoda 180. Mpamba wanga sunakwane, ndinatenga katapila kwa munthu wina wa kwathu, kulonjeza kubweza pakutha kwa mwezi. Mkazi wanga anandiletsa, akuti tigule matayala ndi matcheni monga mwa masiku onse, koma sindinamumvere.

Pa boda ndi pamene zinandithera. Bwana amene anatsegula makatoni anga anawerenga zikwangwani zija, anatulutsa foni yake, anafufuza mtengo wa ekizozi yeniyeni pa intaneti, n'kunena kuti invoisi yanga ndi yabodza, ndachepetsa mtengo dala kuti ndizembe msonkho. Ndinamupempha kuti anyamule imodzi amve kupepuka kwa chilata chake, akande chikwangwanicho ndi chikhadabo aone mmene chikumatukira, koma sanafune ngakhale kuikhudza. Ndimalemekeza msonkho, ndaulipira zaka zonsezi ndipo malisiti ndili nawo m'chikwama mpaka lero, koma munthu amene amadziwa choonadi n'kumakuyang'ana m'maso, kudikira kuti iweyo uyambe kutchula za kangachepe, ameneyo sindidzamukhululukira. Tsiku lililonse ankandiuza kuti ndibwere mawa, mawa lake akuti netiweki palibe, mkuja akuti amene amasayina wapita ku maliro. Ejenti wanga, amene ndinali nditamulipira kale, anayamba kundithawa ngati ndili ndi mphere. Ndinagona masabata atatu m'kachipinda ka lendi pafupi ndi boda, kudya chipisi kamodzi patsiku, uku wa katapila akuimba foni m'mawa ndi madzulo.

Ndili komweko, pa 9 Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Msonkho amauwerengera pa mtengo wa katundu akausandutsa makwacha, choncho ngakhale pamene mkulu wina wachifundo anadzavomereza kuti katunduyo ndi wachinyengo ndipo invoisi yanga inali yoona, ndalama yolipira inali itakwera kale, kuphatikizapo ya malo osungira katundu amene sindinapemphe kuti andisungire. Ndinagulitsa poloti yanga ya ku Luwinga kuti ndiwombole makatoni aja ndi kutseka pakamwa pa wa katapila. Bwana woyamba uja ndinakumana naye tsiku lotuluka, anandipatsa moni ngati mnzake wakale.

Mungaganize kuti mavuto anathera pamenepo. Pofuna kubweza ndalama msanga ndinamwaza maekizoziwo kwa aliyense, ambiri ku Karonga, kumene sindinkagulitsako kale, ndipo sindinapereke jeti ngakhale imodzi. Pasanathe miyezi iwiri anyamata anayamba kubwera ndi njinga zokankha. Chimene ndinadzamva kwa makaniko wina wachikulire ndi ichi: Mzuzu ili pamwamba, mamita oposa 1,200, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo kabuleta imakhala ngati ikupereka mafuta ochulukirapo, choncho ekizozi yotseguka inkabisala m'menemo osaononga msanga. Karonga ili m'mphepete mwa nyanja, mamita osafika 500, mpweya ndi wolemera, dzuwa la mwezi wa Disembala ndi lija mukulidziwa, ndiye injini yochepekedwa mafuta inkapsa ngati chikuni. Anandikumbutsanso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amafuna kuti achuluke kuposa petulo kuti akwanirane ndi mpweya womwewo, kotero jeti imene ili pamalire kwina ikhoza kuchepa kuno. Mmodzi mwa anyamata aja njinga sinali yake, inali ya abwana amene ankawapatsa ndalama tsiku ndi tsiku. Injini itanoka anamulanda njinga n'kumusiyira ngongole. Anaima pakhomo pa shopu yanga osatukwana, osakuwa, anangondifunsa kuti ana ake adya chiyani. Ndinamugulira pisitoni, maringi, valavu ndi gasiketi, ndinalipiranso makaniko, koma ntchito sanaibwerere. Poloti ija ndinaiiwala, nkhope ya mnyamata uja ndiye ikukana kuchoka.

Sindikunena kuti zipangizo zimenezi n'zopanda ntchito kulikonse. Ku Johannesburg ndaona eni njinga zikuluzikulu, za 600cc kapena 1000cc, zimene zilibe kabuleta koma kompyuta imene imayeza mafuta. Iwo akasintha paipi yonse kuyambira ku injini amapita nayo pa makina oyezera mphamvu ya injini otchedwa dyno, katswiri n'kukonza kompyutayo kapena kuikapo kabokosi konga Power Commander, mpaka muyeso wa mafuta ukhale bwino pa liwiro lililonse. Pamenepo mphamvu imaonekadi papepala, njinga imapepukanso ndi makilogalamu angapo. Koma ngakhale kumeneko, amene amangosintha kachidutswa ka kumapeto amagula phokoso ndi maonekedwe basi, ndipo amene ali oona mtima amavomereza. Anthu amenewo njinga ndi chosangalatsa cha Lamlungu. Wa kabaza njinga ndi khasu lake, ndipo makasitomala otere a njinga zikuluzikulu kuno mungawawerenge pa zala, amenenso amaitanitsa okha katundu wawo osadzera kwa inu.

Ngati mtima wanu waumirirabe, popeza mwana akalirira nyanga ya nsatsi amati msemere imufotere yekha, musagulitse ekizozi yopanda majeti awiri kapena atatu okulirapo pang'ono, ndipo mukhale ndi makaniko wanu amene adzakweze jeti sitepe imodzi imodzi, kuyendetsa njinga, n'kuona pulagi, osati wongoboola jeti ndi singano ya nsapato monga amachitira ena. Mufunse kumene njingayo imagwira ntchito, chifukwa jeti yoyenera ku Dedza si yoyenera ku Nsanje. Mumuuze mnyamatayo pamaso kuti mafuta adzamwa ochulukirapo, ndiponso kuti ngati njinga ndi yatsopano, amene anamugulitsa akhoza kukana kuikonza mwaulere akaona kuti yasinthidwa. Zikwangwani za maina a eni ake muzimatule musanapakire, kapena muuze wogulitsa asamate n'komwe. Ndipo katapila musamuyandikire pa katundu amene angathe kugona pa boda.

Ine ndinadzuka ndi zinthu zimene anthu amazipeputsa: matcheni ndi masiporoketi, mabuleki, zingwe za kilatchi, mapulagi, mafyuluta, machubu. Wa kabaza safunika kumunyengerera kuti agule tcheni, msewu wa fumbi ndi umene umamutumiza kwa ine. Lero ndili ndi mashopu awiri, ndipo ku Kariakoo kuli amalonda amene amandipatsa katundu pa ngongole pongomva mawu anga pa foni, chinthu chimene ambiri amene ndinayamba nawo sanachifikepo. Maekizozi aja anatsalako 41, ali m'chipinda chakumbuyo, ena ayamba dzimbiri m'mawelodi. Mukabwera ku Mzuzu ndidzakupatsani imodzi, mukaiike pa njinga yanu, osati ya munthu, muyende nayo mpaka ku Chiweta ndi kubwerako, kenako tidzatsegule pulagi tili limodzi.